Serena inawira pa Khwekhwerere, tsopano giyabokosi yasiya kukoka

Funso

Ndili ndi Nissan Serena ya 2008 yomwe ndinaitanitsa ku Japan zaka zitatu zapitazo. Mu Okutobala tikuchokera ku Mangochi, tili anthu asanu ndi atatu ndi katundu, inawira pamtunda wa Khwekhwerere. Tinathiramo madzi a pamjigo n'kupitiriza ulendo. Kuchokera tsiku limenelo ikatentha imafooka, sipitirira 50, ndipo mugiyabokosi mumamveka kulira ngati mluzu. Amakaniko anakhuthula oyilo wa giyabokosi n'kuthiramo wofiira uja. Inakhalako bwino sabata imodzi, koma pano ikunjenjemera ponyamuka. Injini nayo ikumwa madzi ndipo m'mawa imamisa. Ena akuti ndigule injini ndi giyabokosi zina, ena akuti ndingoigulitsa. Nditani?

Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho

Bambo, ndalama yogulira injini ndi giyabokosiyo iyambe yakhala kaye m'thumba. N'kutheka kuti mudzaguladi chimodzi mwa ziwirizi, mwinanso zonse, koma pa zomwe mwafotokozazi palibe amene wayeza kanthu, aliyense akungoponyapo maganizo. Matenda awiri mukuwaonawa gwero lake ndi limodzi, kutentha. Mukagula giyabokosi ina n'kuimanga kuseri kwa radiyeta yodwala yomweyo, Okutobala wa chaka chamawa idzakugoneraninso pamtunda womwewo.

Serena ya 2008 ndi ya mtundu wa C25, womwe Nissan inapanga kuyambira 2005 mpaka 2010. Injini yake ndi MR20DE ya malita awiri. Giyabokosi yake si otomatiki wamba, ndi CVT ya kampani ya Jatco yotchedwa JF011E, yomwe m'mabuku a Nissan imalembedwa RE0F10A. M'kati mwake mulibe magiya osinthana. Muli mapule awiri, ndipo pule iliyonse ili ngati mbale ziwiri zoyang'anizana, pakati pake pakuyenda lamba wachitsulo wolumikizidwa ndi tizitsulo mazanamazana. Mbale za pule imodzi zikafinyana lambayo amakwera m'mphepete, za inayo zikatalikirana amatsikira pakati. Kusintha giya kwake n'komweko. Lambayo alibe mano. Chomugwira kuti asaterereke ndi mphamvu ya oyilo wopopedwa yemwe amakanikiza mbalezo, komanso mankhwala a mu oyiloyo omwe amachititsa chitsulo kugwirana ndi chitsulo chinzake m'malo moterera. Oyilo akapsa kapena akakhala wolakwika, lamba amayamba kupala mapule.

Oyilo ameneyu amadalira madzi a injini. Pambali pa giyabokosi pali kachitini kozungulira ka aluminiyamu komwe mumalowa mapaipi a madzi. M'mawa madziwo amafunditsa oyilo, pamtunda amamuziziritsa. Injini ikawira, giyabokosi ilibe kothawira, imawira nayo. Galimotoyi payokha imalemera kupyola makilogalamu 1,600, muwonjezepo anthu asanu ndi atatu, matumba ndi dzuwa la ku Golomoti, ndiye kamsewu kokhotakhota kaja kokwera pang'onopang'ono, mphepo yosalowa mu radiyeta. Palibe malo ena oipa kwa CVT kuposa amenewo.

Kufooka komwe munayamba kuona kuja mwina sikunali kufa kwa giyabokosi. Kompyuta yake ikaona kuti oyilo watentha mopyola, imachepetsa dala mphamvu kuti lamba asapse. Zizindikiro zake n'zosiyana ndi za kuterereka. Ikamadziteteza mumaponda moto koma injini imakhala ngati yagwidwa pakhosi, ndipo mukaima mphindi 20 imayambanso kukoka bwinobwino. Ikamaterereka, singano ya marevu imadumpha mwadzidzidzi liwiro lili pomwepo, kenako galimoto imagwedezeka lamba akagwiranso. Pa nthawi ija mankhwala ake akanatha kungokhala radiyeta yabwino ndi oyilo watsopano wa CVT ya Nissan wotchedwa NS-2. Chomwe chaonjezera bala ndi oyilo wofiirayo. Oyilo ameneyo, wotchedwa ATF, anapangidwira giyabokosi ya magiya ndi makilatchi, ndipo mu CVT amatereretsa lamba. Sabata imodzi ya mtendere ija inabwera chifukwa oyilo watsopano aliyense amaposa wopsa, basi.

Ndiye galimotoyo ilekeni kuyenda lero lomwe. Popita nayo kugalaja musaikoke ndi chingwe matayala akutsogolo akugubuduka, chifukwa injini ikazima pampu ya oyilo wa giyabokosi siizungulira, zitsulo zimakhulana zouma. Ikwezedwe pa bulekidauni, ndipo ngati ndi ya 4WD matayala onse anayi achoke pansi.

Muyambe ndi injini. Kuiyeza n'kotchipa, ndipo yankho lake ndilo likuuzeni ngati galimotoyi ikuyenera kudyanso ndalama yanu.

M'mawa injini ili yozizira, tsegulani chitsekero cha radiyeta, dzazani madzi mpaka pakhosi, lizani injini, muyang'ane. Kathovu kamodzi kapena tiwiri ndi mpweya wotsalira. Koma ngati timathovu tikubwera mosalekeza ngati m'botolo la zakumwa lomwe mwangotsegula, kapena madzi akulavulidwa injini isanafunde n'komwe, utsi wa m'silinda ukulowa m'madzi. Magalaja ena ali ndi kachubu koyezera kokhala ndi mankhwala a buluu komwe amaika pakamwa pa radiyeta. Mankhwalawo akasanduka achikasu, nkhani yatha.

Kenako amakaniko atulutse mapulagi onse anayi injini idakali yozizira, awandandalike patebulo monga momwe anakhalira. Atatu akakhala ofiirira, imodzi n'kukhala yoyera mbee ngati yotsukidwa, silinda imeneyo ndiyo ikumwa madzi. Kumisa kwa m'mawa kuja n'komweko. Usiku madzi amadonthera pamwamba pa pisitoni, pulagi imanyowa, ndipo imayamba kuwotcha madziwo akauma. Musakutenge mwachibwana. Tsiku lomwe madzi adzadonthere ambiri, pisitoni idzakanika kuwapanikiza, ndipo chopindika chidzakhala kondirodi.

Apa MR20DE ili ndi kambiri kake. Mapulagi ake ndi aatali, owonda, ndipo khoma la pakati pa dzenje la pulagi ndi njira ya madzi n'lopyapyala. Likakumana ndi kuwira, kapena ndi munthu womanga pulagi ndi mphamvu zake zonse injini ili yotentha, limachita mng'alu. Pulagi ya injiniyi imamangidwa pa 20 Nm yokha, ndi sipanala yoyezera. Awunike ndi tochi m'maenje a mapulagimo. Akapezamo madzi kapena zoyanga zobiriwira, vuto si gasiketi yokha ya pakati pa buloko ndi hedi (chivindikiro cha masilinda), hedi yang'aluka. Ambiri amasintha gasiketi kawiri katatu asanazindikire zimenezi.

Ayezenso kompuresheni. Buku la injiniyi limafuna pafupifupi 14 bar, osatsika pa 11.4, ndipo masilinda asasiyane kupyola 1 bar. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, mpweya wake ndi wopepuka, choncho geji imawerenga motsikirapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwa masilinda anayiwo. Awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yapsa pakati pawo.

Hedi ikachotsedwa isabwererepo isanapite kwa a injiniyaringi. Kumeneko aiyeze ziwiri: kupindika, komwe malire ake ndi 0.1 mm, ndi mng'alu, poitseka n'kuipopa mpweya ili m'madzi otentha. Kuisepa kokha popanda kuyeza mng'alu n'kutaya ndalama, ndipo kuisepa mopyola kumasokoneza tayimingi ya tcheni. Buloko nayo ndi ya aluminiyamu, aike rula yowongoka pamwamba pake ndi kuona ngati mazinga a mabawuti a hedi sanazuke. Hedi yong'aluka padzenje la pulagi musavomere kuti aiwotcherere, siikhalitsa. Pezani ina, nayonso iyezedwe musanalipire. Gasiketi ikhale yachitsulo ya magawo angapo ngati yoyambayo, imangidwe youma popanda silikoni, mabawuti amangidwe motsatira ndondomeko ndi madigiri a m'buku.

Injini yonse mugule pokhapokha ngati kumunsi kwakhudzidwa: ikugogoda, oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka ndipo mwayenda naye nthawi yaitali, ikutulutsa utsi wa buluu n'kumadya lita ya oyilo pa makilomita 1,000, kapena buloko yapindika. MR20DE imapezekanso mu X-Trail T31, Dualis, Lafesta ndi Bluebird Sylphy, kotero siisowa, koma manifodi, zomangira ndi mawaya mudzasamutsa za injini yanu. Chenjerani ndi MR20DD ya Serena yotsatira ya C26. Dzina likuyandikana koma kaperekedwe kake ka mafuta n'kosiyana, siigwirizana ndi kompyuta yanu. Mukasintha injini kumbukirani kukasinthitsa nambala yake ku Road Traffic.

Zonsezi sizinayankhebe funso lenileni, loti inawira chifukwa chiyani. Radiyeta ya C25 ili ndi thanki yapulasitiki yopanidwa pa aluminiyamu, ndipo ikakalamba imachucha pamzere wopanirapo. Muona zoyanga zoyera kapena zobiriwira m'mphepete mwa thanki yapamwamba. Imachucha pang'onopang'ono, madzi n'kumauma asanafike pansi, mwini wake osadziwa. Ngati ndi yomwe inabwera ndi galimoto mu 2008, isintheni, musamate. Mukaichotsa yang'anani pakati pa iyo ndi kondensa ya eyakoni. Mumapezeka chimkeka cha udzu, fumbi, nthenga ndi ngumbi zouma, chokhuthala ngati bulangete, chomwe kuchokera kutsogolo sichioneka. Chitsekero chisinthidwe ndi cha nambala yofanana ndi yolembedwa pa chakalecho. Fani iyesedwe ngati ikufika pa liwiro lake lalikulu, chifukwa ina imazungulira mwaulesi n'kumanamiza anthu kuti ili moyo.

Injiniyi ili ndi mathemositati awiri, ina imatseguka pa madigiri 82, inayo pa 95. Amakaniko ambiri amadziwa imodzi yokha. Zisinthidwe zonse, ndipo wina akakuuzani kuti kuno n'kotentha tingozichotsa, mukane. Popanda themositati injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta, ndipo oyilo wa giyabokosi amakhala wozizira nthawi yaitali m'mawa. Za madzi a pamjigo, pangozi munalibe kuchitira mwina, ngakhale kuthira ozizira mu injini yowira kumene ndi njira imodzi yopindira hedi. Koma asakhalitsemo. Mchere wake umayanga m'timapaipi ta radiyeta monga umachitira pansi pa ketulo. Atsuke monse, athiremo kulanti wosakaniza theka ndi theka ndi madzi opanda mchere (distilled water), atulutse mpweya hita ili yotsegula.

Tsopano giyabokosi. Asanamasule bawuti, aiike pa kompyuta yotha kulowa mu giyabokosi ya Nissan ya ku Japan. Timakina totchipa tambiri timangowerenga injini n'kunena kuti zonse zili bwino. Pa manambala a zolakwika omwe kompyutayo ionetse, P1777 ndi P1778 zimaloza step motor, kamota kakang'ono ka pa valve body (bokosi la mavalavu ogawa oyilo m'giyabokosi) komwe kamasuntha mapule. Ikafa imeneyi galimoto imakakamira pa giya imodzi, ndipo kuisintha sikufuna kutsitsa giyabokosi. P0868, P0746 ndi P0776 zimanena za kuchepa kwa mphamvu ya oyilo. P0744 ndi ya kilatchi ya mu konveta (cholumikizira injini ndi giyabokosi), yomwenso imanjenjemeretsa galimoto pa liwiro lotsika. P0730 imanena za lamba weniweniyo. Ajambule manambalawo pafoni asanawafufute.

Chachiwiri n'kumasula sampu, chibeseni cha oyilo cha kunsi kwa giyabokosi. Umboni weniweni uli mmenemo. Pansi pa sampu pali maginito. Mukawapeza atavala matope otuwa osalala, oti mukawatikita pakati pa zala ali ngati phala, kumeneko ndi kutha kwa masiku onse. Mukapeza atamera tsitsi la tizitsulo tonga singano, kapena tizidutswa tonyezimira tolasa chala, lamba ndi mapule zadyana kale. Oyiloyo muthire pang'ono m'botolo loyera muyang'ane padzuwa. Wakuda wonunkha chipsereza wapsa. Wonyezimira ngati muli siliva wanyamula zitsulo. Wotuwa ngati mkaka walowa madzi, kutanthauza kuti kachitini kaja kabooka m'kati, ndipo kameneko kangathenso kukhala kakumwa nawo madzi a injini yanu.

Ngati maginito ali ndi matope okha, giyabokosiyo ili ndi mwayi. Asinthe mafyuluta onse awiri, ya sefa ya musampu ndi ya pepala yobisika kuseri kwa kachitini, yomwe ambiri sanaionepo. Giyabokosiyi imanyamula malita pakati pa 7 ndi 8, koma pokhuthula amatuluka anayi kapena asanu okha, otsalawo amakhala mu konveta ndi m'mapule. Kusintha kamodzi kusiya pafupifupi theka la wofiira uja. Muyenera kukhuthula ndi kuthira katatu, pakati pake kuyendetsa injini mphindi zingapo n'kudutsitsa ndodo ya giya pamalo onse mutaponda buleki. Konzekerani malita 12 mpaka 15. N'zodula, koma sizifika pa mtengo wa giyabokosi. Oyilo wake ndi NS-2, wobiriwira. NS-3 ndi wa magiyabokosi a pambuyo pake, ndi wopyapyala. Wa kampani ina yodziwika wolembedwa pachigubu kuti ndi wa NS-2 amagwira ntchito. Wolembedwa kuti amalowa mu otomatiki iliyonse, kapena wopungulidwa m'mgolo, musiyeni. Kubiriwira kokha si umboni, utoto ndi wotchipa.

Mulingo uyezedwe injini ikulira, galimoto ili pamalo athyathyathya, oyilo atafunda pakati pa madigiri 50 ndi 80. Dipisitiki yake ili ndi kaloko koyenera kudinidwa ndi kasikuludiraiva, osaikoka mwamphamvu. Wochuluka ndi woipa ngati wochepa, chifukwa mapule amamupuntha n'kuchita thovu, ndipo thovu silikanikiza lamba. Kompyuta ya giyabokosi imasunganso chiwerengero cha kukalamba kwa oyilo, chomwe chimathamanga oyilo akatentha, ndipo malire ake ndi 210,000. Achibwezere pa ziro.

Mluzu uja mumvetsere nthawi yake. Womveka pokhapokha galimoto yatentha pamtunda, n'kutha ikazizira, nthawi zambiri ndi pampu ikulimbana ndi oyilo wopyapyala wathovu, ndipo umachepa oyilo ndi kuziziritsa zikakonzedwa. Womveka nthawi zonse, wokwera pamodzi ndi liwiro la galimoto ngakhale mutachotsa phazi pamoto, ndi mabering'i a mapule. Pali kavalavu kena m'pampu ya oyilo komwe kamadya dzenje lake n'kumakakamira, mphamvu ya oyilo n'kumagwa mwadzidzidzi. Ndi nthenda yodziwika ya JF011E, ndipo ndi yomwe imabweretsa kugwedezeka pa liwiro lotsika. Mabering'i ndi kavalavuko zimakonzeka ndi munthu wodziwa CVT, wogwirira ntchito patebulo laukhondo, osati pansi pa mtengo wa mango pomwe fumbi likuwuluka. Kamchenga kamodzi mu valve body n'kokwanira kubweza ntchito yonse.

Mapule akakhala ndi mizere yoti chikhadabo chikukodwa, musavutike ndi lamba watsopano yekha, adzadyedwa ndi mizere yomweyo. Apo giyabokosi ina ndiyo njira. Pa zomwe mwalemba, kunjenjemera ponyamuka pambuyo pa oyilo wofiira, ndikuopa kuti mwayandikira pamenepa, koma sampu ndiyo iweruze.

Pogula, dzina loti JF011E silokwanira. Ya X-Trail kapena ya Mitsubishi Outlander imaoneka chimodzimodzi koma magiya omalizira amasiyana, ndipo ya 2WD siilowa pa 4WD. Fananizani nambala ya pachizindikiro cha pa giyabokosi yanu ndi ya yomwe mukugulayo. Pemphani kumasula sampu pomwepo muone maginito. Wogulitsa wokana zimenezi wakuyankhani kale. Ibwere ndi konveta yake ndi valve body yake. Konveta yanu yakale yadzaza zitsulo ndipo siitsukika. Chitsimikizo chilembedwe palisiti, ndipo masiku ake ayambe kuwerengedwa tsiku lomangira, osati logulira.

Pomanga pali misampha itatu yomwe imapha giyabokosi yabwino sabata yoyamba. Konveta ikapanda kukhala pansi mpaka pamapeto isanakumane ndi injini, imaswa pampu pomanga mabawuti. Kachitini koziziritsira ndi mapaipi ake zikabwerera zosatsuka, zitsulo zakale zimalowa mwatsopano. Ndipo pa valve body pali kachipangizo kosunga manambala a giyabokosi imeneyo payokha. Kompyuta ya galimoto yanu idakali ndi manambala a yakale, ndiye afufutidwe kuti iwerenge atsopano. Kupanda apo galimoto imagunda giya kapena kuterereka, anthu n'kumati mwagula yakufa.

Za kugulitsa, Serena yomwe ikumwa madzi ndi kunjenjemera idzagulidwa pa mtengo wa masipeya. Ngati kuyeza kwaonetsa hedi kapena gasiketi yokha, ndipo sampu ili ndi matope okha, konzetsani mosakayika. Ngati chafa ndi chimodzi, injini kapena giyabokosi, thupi lili bwino lopanda dzimbiri kunsi, kukonza kukadali kwanzeru. Ngati zafa zonse ziwiri, muwerengere injini, giyabokosi, radiyeta, oyilo ndi amakaniko pamodzi, muyerekeze ndi mtengo wa Serena yoyenda ya chaka chomwecho. Zikapyola theka, ine ndingati igulitseni momwe ilili, mutamuuza wogulayo zoona.

Ikachira, oyilo wa giyabokosi muzisintha pa makilomita 40,000 alionse. M'kutentha ndi mitunda ya kuno, zoti ndi wa moyo wonse muziiwale. Muziima kaye nji musanachoke pa R kupita pa D. Ikatitimira m'matope musaigwedeze kutsogolo ndi kumbuyo matayala akupota, chifukwa tayala likagwira nthaka mwadzidzidzi kugunda konse kumathera pa lamba. Pamtunda wautali muli odzaza, zimitsani eyakoni ndipo musaponde moto mpaka pansi.

Musanakwezemo banja, muiyese masana dzuwa lili pamutu, amakaniko ali pambali ndi kompyuta yoonetsa kutentha kwa oyilo wa giyabokosi. Msewu wa ku Dedza ukukwanira. Poyenda bwinobwino oyilo azisewera pakati pa madigiri 70 ndi 90. Akamakhalitsa pamwamba pa 100 pamitunda ya kumeneko muli awiri okha, amangireni choziziritsira oyilo choonjezera cha mphepo kutsogolo kwa kondensa, muyesenso, ndiye muganize za ulendo wa ku Mangochi.